Kukhoma ndi Kuzula

Pa zipangizo zonse zimene ndinagwira nazo nchito pa zaka zanga za uphunzitsi, palibe cimene ndacisunga kufikira lero koma kacitsulo kamodzi kakang'ono. Mabuku ndinagawira adzukulu, belu linatsala ku sukulu, njinga inatha ndi dzimbiri, koma kacitsulo aka kali m'kabati pamodzi ndi kalata yathu ya ukwati. Kutalika kwace kungofanana ndi cikhato canga. Kumbuyo kali ndi cigwiriro ca mlombwa cimene cinada ndi thukuta. Kutsogolo n'kophwatalala, kopindika pang'ono, ndi kogawika pakati monga ciboda ca mbuzi. Nchito yace ndiyo kuzula timisomali tija tokhomera mapepala pa khoma, timene ana a sukulu amati mapini. Mlendo akakaona amaseka, nafunsa kuti, "Kodi kanthu kotere kafuniranji citsulo? Nanga cikhadabo n'ca nchito yanji?" Inenso ndinali kuganiza comweco ndiri mnyamata, ndipo yankho lace ndinalilandira mowawa.

Poyamba tiyeni tione phini lenilenilo. Liri ndi ziwalo ziwiri zokha, mutu ndi mwendo. Mutu ndi wotakata kuti cala cacikulu cikankhe osalasika. Mwendo ndi wosongoka kuti mphamvu yonse ya calaco ikathere pa kansonga kamodzi, ndipo potero phini limalowa m'thabwa popanda nyundo. Angelezi analicha dzina lotanthauza phini la ojambula, pakuti anthu olemba mapulani a nyumba ndi a makina ndiwo anali kupanira nalo mapepala pa matabwa ao. Anthu a mudzi wa Lychen, m'dziko la Germany, amanena kuti wokonza mawochi wa kwao, Johann Kirsten, ndiye analipanga ca m'ma 1903. Koma taonani bvuto lace: mutu uja ugona pa pepala, ndipo pogonapo susiya mpata wogwirapo. Cioneka ngati wolipanga anaganizira za kulowa kwace, naiwala za kutuluka kwace. Munthu wina wa ku America, Edwin Moore, anapanga mu 1900 phini la mtundu wina lokhala ndi kacigwiriro, kuti zala zilikoke mosabvuta. Koma mapini amene anali kufika ku sukulu kwathu anali a mitu yophwatalala aja.

Sukulu imene ndinaphunzirako inali ya misyoni, m'boma la Katete, kum'mawa kwa dziko lathu. Makoma ace anali a njerwa, omata ndi dothi, ndi opakidwa njereza kamodzi pa caka. Khoma lotere siligwirizana ndi phini: ukalikhoma limagwa, ndipo likagwira, pozula limatuluka ndi cibuma cace. Cifukwa ca ici anakhomera thabwa lopapatiza la mlombwa kuzungulira cipinda conse, ndipo pa thabwa limeneli ndi pamene anali kupacika mapu, zithunzi ndi ndandanda ya maphunziro. Koma mlombwa ndi mtengo wolimba. Phini likalowamo ndi kugonamo dzinja limodzi kapena awiri, cinyontho cimacititsa mwendo wace dzimbiri, pakuti mkuwa umene uoneka kunja ndi wongokutira, m'kati mwace ndi citsulo. Dzimbiri limatupa, ndipo mwendo umagwirana ndi thabwa ngati unamera momwemo.

Munthu amene anali kusamala zonsezi tinali kuwacha Amisiri. Anali acikulire, aafupi, osalankhula kawirikawiri. Ndiwo anali kukonza mabenchi, kumata ming'alu ndi kupacika zitseko. Pa unyamata wao analowa usilikali, napita ku nkhondo ya ku Burma mu 1944 pamodzi ndi asilikali ena a dziko lino. Pobwera anakagwira nchito ku migodi, kumene anasiya zala ziwiri za dzanja lamanzere. Zimenezi ife ana sitinali kuzisamala. Ife tinali kungoona nkhalamba yobvala cikhoti cakale ca khaki, yoyenda ndi kacitini ka fodya m'thumba, ndipo m'kacitinimo munalibe fodya koma mapini. Mapini a sukulu yonse anali kuwawerenga monga mai awerenga nkhuku zace madzulo. Bokosi limodzi linali kufika pa ciyambi ca caka, ndipo likatha, panalibe kopeza lina koma ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ulendo wa tsiku lathunthu pa njinga.

Kacitsulo kozulira anakasula okha. M'masitolo a m'tauni munali tina tocokera kunja, koma iwo anatenga msomali wa mainchi 6, nauika m'makala a moto kufikira unafiira, nausula pa cidutswa ca njanji mpaka nsonga yace inaphwatalala ngati lilime. Utazizira anatenga tupa, nasema kampata pakati pa lilimelo, kotakata kunja ndi kopanikiza m'kati, kuti mwendo wa phini ulowemo, mutu nukhale pa mano awiriwo. Nsonga za mano anazinola kuti zipyapyale, zithe kulowa pakati pa mutu ndi pepala. Potsiriza anapinda khosi lace pang'ono, ndipo m'kupinda kumeneku ndimo muli nzeru yonse ya kacitsuloko.

Aliyense amene anazulapo citsa kapena kugubuduza mwala m'munda adziwa kuti mtengo wautali, ukaulowetsa pansi pa mwala ndi kuutsamiritsa pa kamwala kena, umanyamula cimene amuna atatu alephera. Munthu wanzeru wa Cigriki, Archimedes wa ku Syracuse, analongosola lamulo la cinthu ici zaka zoposa 200 Kristu asanabadwe: mbali ya dzanja ikatalika kakhumi kuposa mbali ya katundu, mphamvu ya dzanjalo imaculuka kakhumi. Khosi lopindika lija ndilo kamwala kotsamirapo. Kucokera pa khosi kufika ku mano ndi theka la inchi, kucokera pa khosi kufika pogwira ndi mainchi 5. Motero mwana wamng'ono angathe kuzula ndi zala ziwiri phini limene lakana cikhadabo ca munthu wamkulu. Amisiri sanamvepo za Archimedes, koma lamulo lace analidziwa ndi manja.

M'caka ca 1964 ndinali mu Standard 6, ndiri ndi zaka 18, pakuti masiku amenewo ambiri tinali kuyamba sukulu titakula. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene makolo athu anacikana ciyambire 1953, cinali citatha pa 31 December 1963, ndipo tonse tinali kuwerenga masiku kuyembekeza 24 October, tsiku la ufulu. Mitima ya anyamata inali kuwira ngati thobwa la masiku atatu. Kutatsala masiku owerengeka, mphunzitsi wamkulu analamula kuti zakale zonse zitsike pa makoma: mapu a Citaganya, pepala la mbendera ya Angelezi, ndi cithunzi ca Mfumukazi Elizabeth II. Nchitoyo anaipatsa Amisiri, ndipo ine, pokhala kapitao wa kalasi, anandiuza kuti ndiwathandize.

Tinalowa m'cipinda dzuwa litapendeka. Amisiri anayamba ndi mapu. Anaika kacidutswa ka katoni pansi pa khosi la kacitsulo kuti lisasiye cipsera pa thabwa, nalowetsa mano pansi pa mutu wa phini, naligwedeza pang'ono uku ndi uku kuti dzimbiri litaye, natsitsa cigwiriro pang'onopang'ono. Phini linatuluka loongoka, niligwera m'cikhato cimene anachera pansi pace. Analipukuta pa cikhoti, naliponya m'kacitini, nati, "Limodzi." Mapuwo anali ndi mapini 12. Ine ndinaima pambali nditagwira ngodya ya pepala, mtima uli m'mwamba. Kunja anzanga anali kuyeseza kuguba ndi kuimba, ndipo ine ndinali m'kati kupenyerera nkhalamba iri kunyengerera ngati khanda mapu a dziko la Roy Welensky, amene anali nduna yaikulu ya Citaganya cija.

Cithunzi ca Mfumukazi sicinali pa thabwa iai. Mphunzitsi wina, poona kuti thabwa ladzala, anacikhoma pa khoma penipeni, pamwamba pa bolodi. Pamene Amisiri anali pa phini la cisanu ndi ciwiri, ine ndinataya ngodya ya mapu, ndinakwera pa benchi, ndinagwira cithunzico ndi manja onse awiri, ndi kukoka kamodzi. Pepala linang'ambika pakati. Mapini atatu anatuluka ndi zibuma, nasiya maenje ofiira pa khoma loyera. Ena anauluka, osadziwika kumene anakagwera. Limodzi linatsala pa khoma. Ndinalipisa cikhadabo, cikhadabo cinathyoka. Ndinalikankha ndi cala cacikulu kuti ligwedezeke, koma mutu wace, pokhala wodyedwa ndi dzimbiri, unabooka, ndipo mwendo unapyola nulowa m'cala canga.

Amisiri anati, "Tsika, mwana wanga. Waononga."

Manyazi ndi ululu zinandikwera kumutu. Ndinapfuula kuti, "Ndaononga ciani? Inu mumvera cisoni azungu. Ndinu kapirikoni inu!"

Ana a masiku ano sadziwa kulemera kwa liu limeneli. Linacokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society, limene David Stirling analiyamba mu 1949, koma pakamwa pa anthu linasanduka dzina la munthu wogulitsa abale ace kwa azungu. Munthu wochedwa motero anali kugona ndi diso limodzi, kuopa kuti denga lace lingapse usiku. Ndipo ine ndinalinena mokweza, anyamata anai ali kusuzumira pa zenera.

Amisiri sanakalipe. Anandigwira ndi dzanja lao lija la zala zitatu, nafinya cala canga kuti magazi atuluke, nanditsogolera ku mtsuko kukacitsuka ndi sopo. Pomanga ndi kansalu ananena motsitsa mau kuti, "Mfumukazi siinalowepo m'cipinda muno, ndipo siidzamva kuwawa kwa pepala ili. Iyo yapita. Koma khoma ili tinamanga ndife, ine ndi atate ako, ndipo dothi la njerwa zace tinaponda ndi mapazi athu. Mapini amene wamwazawa ndiwo tikanakhomera mbendera yatsopano. Mawa m'mawa adzasesa muno ndi tiana ta Sub A topanda nsapato. Tsono wabwezera yani?"

Sindinayankhe kanthu. Tinabwerera m'cipinda kukafuna mapini otayika, pakuti phini lotere likagwa, kawirikawiri limagona cagada, mwendo uli m'mwamba, kudikira phazi. Amisiri anatulutsa kamaginito kamene anacotsa m'dainamo yakufa ya njinga, nakamanga ku cingwe, nakakoka m'mizere ya mabenchi, ine nditawagwirira nyali. Lotsiriza tinalipeza kutada bii. Opindika anawaongola pa mwala, adzimbiri anawakwecha ndi phulusa. Cithunzi cong'ambikaco anacidula tizidutswa, pakuti kumbuyo kwace kunali koyera, ndipo aphunzitsi a Sub A analembapo malemba a ana. Mapu aja, popeza anatsika amphumphu, anawatembenuza, ndipo kumbuyo kwace tinajambula mbendera ya Zambia, yobiriwira, ya mizere yofiira, yakuda ndi ya mtundu wa lalanje, nkhwazi iri pamwamba pace. Pa 24 October mbenderayo inali pa thabwa, yogwidwa ndi mapini 12 omwe aja. Koma pamwamba pa bolodi panali mawanga atatu a dothi laliwisi, pakuti njereza ya caka cimeneco inali itatha, ndipo alendo onse amene anabwera ku cikondwerero anawaona.

Cala canga cinatupa, ndipo anandipereka ku cipatala ca misyoni kumene anandibaya nsingano yoletsa kafumbata. Ambiri amayesa kuti dzimbiri ndilo limabweretsa nthenda imeneyi, koma si tero. Tizirombo tace timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda bala lakuya ndi lopapatiza m'mene mpweya sulowa, monga la msomali kapena munga. Citsulo ca dzimbiri cimaopsa cifukwa ndico cimene cakhalitsa m'pfumbi. Cifukwa cace wolasidwa atsuke bala msanga ndi madzi ndi sopo, napite ku cipatala, makamaka ngati papita zaka zambiri asanalandire katemera. Amai atamva cimene cinacitika sanandidzudzule za cala. Anangoti, "Kodi sunaone m'mene ndinali kukucotsera matekenya uli mwana? Wocita phuma amaphulitsa thumba, ndipo cilonda cimakula kuposa thekenya."

Cala cinapola m'milungu iwiri, koma liu lija silinapole. Anyamata a pa zenera analinyamula, ndipo linayenda m'midzi. Ana anayamba kuliimba Amisiri akamadutsa. Akazi ao anali kupeza anzao akhala cete pa citsime, ndipo usiku wina anthu osadziwika anaponya miyala pa denga lao. Akulu a mudzi ndiwo anazimitsa nkhaniyo, pakuti iwo anali kudziwa kuti ndi Amisiri omwewo amene anali kubisa makadi a cipani m'bokosi lao la zipangizo masiku amene makadiwo anali obvuta kuyenda nao. Ine zonsezi ndinazimva, koma manyazi anandimanga miyendo. Caka citatha ndinacoka kunka ku maphunziro a uphunzitsi osakawaona.

Mu 1968 ananditumiza kukaphunzitsa pa sukulu yomweyo. M'mwezi wa January caka cimeneco dziko linasiya mapaundi, masheleni ndi makobiri, niliyamba kuwerenga makwaca ndi mangwee. Pa thabwa la kalasi langa panali pepala lalikulu lophunzitsa kuti makobiri 12 apanga sheleni imodzi ndipo masheleni 20 apanga paundi imodzi. Linayenera kutsika kuti pakwere lonena kuti mangwee 100 apanga kwaca imodzi. Ndinayang'ana mapiniwo, ndinayang'ana cipsera ca pa cala canga, ndipo ndinapita kukagogoda ku kanyumba ka Amisiri. Anali atakalamba kwambiri, maso ataoneka ngati mkaka. Anandilandira ndi manja awiri, nati, "Takulandirani, Aphunzitsi." Mwana amene anawatukwana anamucha Aphunzitsi, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa ndodo.

Anabwera nane ku kalasi, nakhala pa benchi, nandiuza kuti ndizule ndekha iwo ali kupenya. Tsiku limenelo anandiphunzitsa kuti cinthu ciriconse cokhoma ciri ndi cozulira cace. Phini lifuna kacitsulo ka mano awiri. Msomali ufuna nyanga za nyundo, koma pansi pa nyundoyo uikepo cidutswa ca thabwa, kuti khoma lisaphwanyike ndi kuti msomali utuluke coongoka, usapindike. Kamsomali kopanda mutu kafuna mbaniro ya milomo yobulungira. Uigwiritse pafupi ndi thabwa, ndipo usakoke, koma uigoneke pambali kuti igubuduke pa msana wace. Mpeni usauyese, pakuti nsonga yace imathyoka kapena kuterereka, ndipo imapita kumene kuli dzanja lina. Ndinazula mapini asanu bwinobwino, koma lacisanu ndi cimodzi mutu wace unaduka, mwendo nutsala m'thabwa, osaoneka kunja ngakhale pang'ono.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ili ticita nalo ciani?"

Iwo anati, "Kakadatsala kanthu kogwirapo, tikadatenga mbaniro. Koma ili lalowa lonse. Mukalikumba, dzenje lidzaposa phini. Tengani msomali wina, muulozetse pamenepo, mumenye kamodzi kuti lilowerere, ndipo mutseke pamwamba."

Pamenepo mtima wanga unasweka. Ndinagwada pansi pa benchi, ine mphunzitsi wobvala tayi, ndi kunena kuti, "Atate, ndinakulakwirani. Liu lija ndinalinena m'cipinda muno, ndipo kwa zaka zonsezi sindinabwere."

Anakhala cete kanthawi, akutembenuza kacitsulo m'dzanja. Kenaka anati, "Dzukani, Aphunzitsi, ana angakuoneni. Liu lija mutu wace unaduka kale. Ana amene anali kuliimba anakula, anaiwala. Cotsalaco ndinacikhomerera m'kati, ndipo ndinapakapo njereza. Musacikumbe, mungagumule khoma."

Mau amenewa ndakhala ndiri kuwasinkhasinkha zaka zoposa 50. Anandikhululukira, ndipo pa ici sindikayika. Koma sananene kuti liulo linatuluka, pakuti iwo sanali munthu wonama. Aliyense wopaka njereza adziwa kuti citsulo cotsalira m'khoma cimakhala cobisika cirimwe conse, koma dzinja likafika kadontho kofiira kamaonekera pamwamba. Ndikadapita kwa iwo madzulo omwe aja a mu 1964, ndi kuimirira pamaso pa anzanga kubweza mau anga, liulo likadatuluka ndi mutu wace. Ndinazengereza, ndipo linacita dzimbiri. Patapita zaka zowerengeka Amisiri anamwalira, ndipo maliro atatha akazi ao anandiitana, nandipatsa kacitini ndi kacitsulo, nati anasiya mau kuti zikhale zanga.

Kacitsuloko kanayenda nane m'masukulu anai. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zinthu zinayamba kusowa m'masitolo, ndipo panali zaka zimene bokosi la mapini silinafike konse. Aphunzitsi ena anali kukhoma mapepala ndi minga ya mthethe, koma m'kalasi langa mapini akale anali kukwera ndi kutsika osatha. Pambuyo pace kunabwera makina olumikizira mapepala ndi timawaya, ndipo aphunzitsi acinyamata anaphunzira kuwatambasula ndi kuombera timawayato pa thabwa. Kukhoma kunafulumira, koma kuzula kunabvuta kawiri, pakuti kawaya kali ndi miyendo iwiri. Cozulira ca m'maofesi cija ca mano anai cimathandiza pa mtolo wa mapepala, koma pa thabwa cimakanda. Ndinapeza kuti dzino limodzi la kacitsulo ka Amisiri, ukalilowetsa pansi pa msana wa kawaya ndi kutukula mbali imodzi kenaka inzace, limacita bwino kuposa.

Pa 31 October 1991 anthu a dziko lino anaponya mavoti, ndipo Kenneth Kaunda, atalamulira zaka 27, anasiyira mpando Frederick Chiluba. Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wamkulu. M'ofesi mwanga munali cithunzi ca Kaunda copacikidwa pa msomali, ndipo m'makalasi munali mapepala ophunzitsa za Humanism amene anakhalamo zaka zambiri. Lolemba m'mawa ndinapeza mphunzitsi wina wacinyamata atakwera pa mpando, atagwira pepala ndi manja onse awiri. Ndinaona nkhope yanga ya mu 1964. Sindinamlalikire iai. Ndinangomupatsa kacitsulo, kacidutswa ka katoni ndi kacitini, ndi kumuuza kuti mapini awerenge. Iye anandiyang'ana, nati, "Kodi Ahedi, mukali a UNIP?" Ndinaseka mpaka misozi, ndipo iye sanadziwe cimene cinandiseketsa.

Anazula ali kung'ung'udza, koma anazula bwino. Msomali wa m'ofesi sitinaukhudze; tinangotsitsa cithunzi cakale ndi kupacikapo catsopano, ndipo msomaliwo unanyamula onse awiri osadandaula. Cakaleco ndinacikulunga m'nyuzi ndi kuciika m'kabati ya sukulu. Ndimaganiza kuti dziko lathu lomwe, m'caka cimeneco, linadziwa kutsitsa cimene linacitopa naco popanda kugumula khoma, ndipo wotsitsidwayo anabvomera kutsika. Pamene Kaunda anamwalira pa 17 June 2021, dziko lonse nilimlira masiku 21, ndinakumbukira cithunzi cija, ndipo ndinakondwa kuti sitinacing'ambe.

Anzanga, kukhoma amakonda aliyense. Pokhoma pamakhala anthu ambiri, pamakhala cimwemwe, pakuti cinthu catsopano ciri kukwera. Kuzula kumatsalira munthu mmodzi, madzulo, onse atapita, ndipo palibe womuyamika. Yendani m'misika ya m'matauni athu masankho atatha, ndipo penyani makoma, mitengo ndi zitseko: mudzaona ngodya za mapepala, timawaya ndi timisomali tosawerengeka, zokhoma anthu amene sanabwerenso. Koma ciriconse cokwera pa khoma cidzatsika tsiku lina, cingakhale mapu, cithunzi ca mfumu kapena ndandanda ya mphunzitsi wopuma nchito, ndipo khomalo lidzatsalira ana. Cifukwa cace pokhoma muziganizira wodzazula: musalowetse phini mopitirira, musakhome pa dothi pamene pali thabwa, ndipo musalisiye kugona madzinja ambiri. Pozula, tsamiritsani pa katoni, gwedezani musanatukule, cherani cikhato pansi, ndipo werengani. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinapuma nchito mu 2001, ndipo ndinayesa kuti kacitsulo kanga kapuma pamodzi nane. Koma mwezi wathawu mdzukulu wanga, amene wamaliza maphunziro ace ku Lusaka, anabwera kudzakabwereka. Anali kucoka m'cipinda ca lendi, ndipo mwini nyumba anamuuza kuti akapeza khoma loonongeka sadzambwezera ndalama zace za cikole. Ndinamuonetsa pa citseko m'mene kamagwirira, ndi kumpatsa kacitini kaja. Anabwera nako Loweruka lapitali, ndalama zace atalandira zonse. Anandipatsa kacitiniko ndi manja awiri, nati, "Agogo, alimo 23. Limodzi linagwera pansi pa kama, koma ndinalipeza."